Padi ya PlayStation kapena ya Xbox pa kompyuta: mmene mungailumikizire n'kuyamba kusewera

Mpira wa pa kompyuta sukoma ndi kiyibodi. Batani la kiyibodi limadziwa zinthu ziwiri zokha, kuti ladinidwa kapena silinadinidwe, ndiye wosewera wanu amangothamangira mbali zisanu ndi zitatu basi, ndipo galimoto mu GTA V imakhala pa moto wonse kapena pa buleki. Analogi ya padi, kamtengo kokankha ndi chala chachikulu kaja, imamva ngati mwaikankha pang'ono kapena mpaka kumapeto, ndipo imatsata kulikonse kumene chala chaloza. Mabatani akumbuyo aja, L2 ndi R2, nawonso amamva kuchuluka kwa mphamvu ya chala. N'chifukwa chake magemu a mpira, a magalimoto ndi omenyana monga Tekken ndi Mortal Kombat amakoma ndi padi. Owomberana ngati Counter-Strike ndi nkhani ina, kumeneko mwini bwalo ndi mausi.

Ngati muli ndi padi yotsala ku PlayStation imene inafa kalekale, kapena mwaigula pa kaunjika, mwayi ndi waukulu kuti igwira ntchito pa laputopu yanu. Chimene chimasokoneza ambiri ndi kuyambira kumapeto. Padi isanayesedwe n'komwe, munthu wadawuniloda kale mapulogalamu anayi, bandulo yatha, gemu ikuchita misala. Yambani ndi kudziwa padi yanu, mubwere pa chingwe, muone ngati Windows ikuiona, ndipo pulogalamu yowonjezera ibwere pomaliza, imodzi yokha.

Windows imamva chilankhulo cha Xbox

Windows ndi Xbox zonse ndi za kampani imodzi, Microsoft. Mu 2005, pamene Xbox 360 inkatuluka, kampaniyi inabweretsa njira yolankhulirana pakati pa padi ndi gemu yotchedwa XInput. Isanabwere imeneyi panali yakale, DirectInput, imene ilipobe mpaka lero. Mu XInput gemu imadziwiratu kuti batani A lili pansi, B lili kumanja, analogi yakumanzere ndi iyi. Mu DirectInput gemu imangouzidwa kuti pali batani 1, batani 2, batani 3, osadziwa kuti lililonse lili pati. Opanga magemu anaikonda XInput poti inawachepetsera ntchito, moti magemu ambiri a pa kompyuta otuluka kuchokera nthawi imeneyo amayembekezera padi ya Xbox.

Padi ya PlayStation, ya Nintendo ndi mapadi ambiri otchipa a USB salankhula XInput. Windows imawaona ndithu, koma gemu ikhoza kungoti duu ngati palibe chimene chalumikizidwa. Apa pamafunika womasulira, monga zimakhalira ku tchalitchi kukabwera mlaliki wachilendo: wina aime pambali azitembenuza mawu. Womasulirayo ndi Steam, kapena DS4Windows, kapena x360ce. Ndipo omasulira awiri akamalankhula nthawi imodzi mpingo sutolapo kanthu. Mavuto ambiri amene tikambe kutsogoloku gwero lake ndi limeneli.

Choyamba: padi yanu ndi iti?

Yang'anani bowo lolowetsa chingwe. Padi ya PS3, DualShock 3, ili ndi mini-USB, bowo lonenepa lija la makamera akale. Ya PS4, DualShock 4, imene inatuluka mu 2013, ili ndi micro-USB ngati mafoni akale a Android. Ya PS5, DualSense, ya 2020, ili ndi USB-C ngati mafoni a masiku ano, chimodzimodzinso Pro Controller ya Nintendo Switch.

Mapadi a Xbox ndiwo ofunika kuwayang'anitsitsa, chifukwa amafanana nkhope koma m'kati ndi osiyana. Ya Xbox 360 ya chingwe chosachoka ndi yosavuta kuposa zonse: mwasomeka, yayaka, mwayamba. Ya Xbox 360 yopanda chingwe ilibe Bluetooth, imafuna kachipangizo kakekake kosomeka pa USB kotchedwa Wireless Gaming Receiver. Chingwe chake chotchajira chija, cha Play & Charge, chisakunamizeni. Chimangopereka moto, sichinyamula uthenga wa mabatani, ndiye mukhoza kuchisomeka tsiku lonse padi n'kumangophethira magetsi ake obiriwira.

Mapadi oyamba a Xbox One, a 2013, nawonso alibe Bluetooth. Bluetooth inabwera mu 2016 ndi Xbox One S. Powasiyanitsa, onani pulasitiki yozungulira batani lalikulu la Xbox. Ngati ili chinthu chimodzi ndi nkhope yonse ya padi, imeneyo ili ndi Bluetooth. Ngati ili mbali ya chidutswa chapamwamba chimene chagwira mabatani a LB ndi RB, ndi yakale ija, ndipo njira yake ndi chingwe kapena Xbox Wireless Adapter. Ya Xbox Series, ya 2020, imadziwika ndi batani laling'ono la Share pakatikati ndiponso USB-C.

Mapadi a PS4 achinyengo ndi ambiri pamsika, ndipo ena amafanana ndi enieni mpaka zolemba zakumbuyo. Pa chingwe ambiri amayenda bwinobwino. Pa Bluetooth ndi pamene amaonetsa mawanga awo: kukana kulumikizana, kapena kuduka pakati pa gemu. Ngati mukugula, pitani ndi laputopu, kapena wogulitsayo ayese padi inu mukuona. Padi yoyesedwa yokwererako mtengo iposa yotchipa yongouzidwa kuti "ndi orijino, bwana".

Chachiwiri: chingwe kaye, Bluetooth pambuyo

Ngakhale cholinga chanu chili kusewera opanda chingwe, ulendo woyamba lumikizani ndi chingwe. Mukatero mudziwa ngati padi ili yamoyo, ndipo vuto likadzabwera pa Bluetooth simudzaikayikiranso.

Apa ndi pamene ambiri amagwa, ndipo wolakwa si padi kapena kompyuta. M'chingwe chenicheni cha USB muli timawaya tinayi, tiwiri ta moto ndi tiwiri ta uthenga. Zingwe zambiri zotchipa, makamaka zobwera ndi ma power bank, masipika ang'onoang'ono ndi matochi otchaja, zili ndi ta moto tokha. Kunja zimaoneka chimodzimodzi. Mukasomeka padi ya PS4 ndi chingwe chotere, getsi lake limayaka lachikasu n'kumazima pang'onopang'ono posonyeza kuti ikutchaja, koma kompyuta siilira kamawu kaja kamene imalira ukasomeka fulashi. Kuyesa chingwe n'kosavuta. Lumikizani nacho foni ku kompyuta. Ngati foni ikufunsa zotumiza mafayilo, chingwecho chili bwino. Ngati ikungotchaja, chiikeni pambali mufune china.

Somekani molunjika pa kompyuta, osati kudzera pa kabokosi kochulukitsa mabowo a USB. Pa kompyuta ya pa desiki mabowo akumbuyo ndi odalirika kuposa akutsogolo. Dikirani pang'ono Windows 10 kapena 11 iike yokha driver, kapulogalamu kothandiza kompyuta kulankhula ndi padi. Ya PS4, PS5 ndi Xbox One kapena Series sizifuna kuti mukasake driver kwina kulikonse. Padi ya Xbox One ndi Series imagwira ntchito pa chingwe ngakhale mulibe mabatire, ndipo ya PS4 imene batire lake linatopa imaseweredwabe bola chingwe chili pomwepo.

Chachitatu: yesani musanatsegule gemu

Windows ili ndi kachipinda kakale koyesera mapadi kamene anthu ambiri sakadziwa. Dinani batani la Windows limodzi ndi R, mulembe joy.cpl, kenako Enter. Patseguka kawindo kolembedwa Game Controllers. Ya PS4 ioneka ndi dzina lakuti Wireless Controller ngakhale ili pa chingwe, musadabwe. Yotchipa ikhoza kulembedwa Generic USB Joystick kapena Twin USB Joystick.

Sankhani padiyo, dinani Properties, mupite pa Test. Muona kabokosi kokhala ndi kamtanda pakati ndi timabwalo ta manambala. Dinani batani lililonse limodzilimodzi, kabwalo kake kayake. Zunguzani analogi yakumanzere, kamtanda kayende mpaka m'mbali zonse. Kenako chotsani manja. Kamtanda kabwerere pakati n'kukhala phee. Ngati kakunjenjemera kapena katsamira mbali imodzi inu musanakhudze, analogiyo yayamba kutha, ndipo za mankhwala ake tikamba kumapeto.

Mayeso amenewa amagawa nkhani pawiri. Padi ikapanda kuoneka mu joy.cpl, vuto ndi chingwe, bowo la USB kapena padi yeniyeniyo, ndipo palibe pulogalamu imene ingakuthandizeni. Ikaoneka ndipo mabatani onse akuyaka, koma gemu siikuimva, vuto ndi chilankhulo basi. Wa padi ya Xbox pofika apa wamaliza, atsegule gemu azisewera.

Chachinayi: womasulira woyamba ndi Steam

Kwa amene ali ndi padi ya PS4, PS5, Switch kapena yotchipa ya USB, ine ndimati ayambe ndi Steam. Pulogalamuyi ndi ya kampani ya Valve, yogulitsira magemu, koma kutsegula akaunti n'kwaulere ndipo simukakamizidwa kugula kanthu. Inayamba kumva padi ya PS4 mu 2016, Pro Controller ya Switch mu 2018, ndi DualSense mu 2020. Chabwino chake n'chakuti imachokera ku kampani yodziwika, simudzuka tsiku lina n'kupeza kuti munadawuniloda vayirasi. Kungoti kuyambira pa 1 January 2024 Steam inasiya Windows 7 ndi 8, ndiye a makompyuta akale kwambiri alumphe gawo lino.

Mukaiika n'kulowa, dinani Steam pakona yakumanzere pamwamba, kenako Settings, kenako Controller. Dzina la padi yanu lioneka pamwamba, ndipo pali poyesera mabatani. Pansi pake pali zosankha za mtundu uliwonse wa padi. Pa PlayStation Controller Support pali zitatu, ndipo yapakati, yoti Steam izimasulira magemu okhawo amene sadziwa padi ya PlayStation, ndiyo yoyambira nayo. Magemu ena atsopano amaidziwa okha padi ya PS4 ndi PS5, ndipo amenewo ndi bwino kuwasiya alankhule nayo mwachindunji. Wa padi yotchipa atsegule chosankha cha generic controllers, ndipo Steam ikapanda kuidziwa imufunsa adine mabatani limodzilimodzi kuti iwaphunzire.

Nanga gemu imene sinagulidwe pa Steam? Pamwamba dinani Games, kenako Add a Non-Steam Game to My Library, musake fayilo ya gemuyo yothera ndi .exe. Ikalowa m'ndandanda, muziitsegulira mu Steam momwemo nthawi zonse. Mukaitsegula ndi kachithunzi ka pa desktop, Steam siidziwa kuti mukusewera, ndiye siimasulira. Ambiri amaiwala pamenepa n'kuyamba kunena kuti dzulo zimayenda, lero zakana.

Gemu imodzi ikamavuta, dinani dzina lake ndi batani lakumanja la mausi, Properties, Controller, ndipo pamenepo mukhoza kutsegula kapena kutseka Steam Input, womasulira wa Steam uja, pa gemu yokhayo osakhudza ena. Za bandulo musade nkhawa kwambiri: mukalowa kamodzi muli pa intaneti, pali Go Offline pansi pa mawu oti Steam, ndipo kumasulira kumapitirirabe popanda netiweki.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kuzolowera. Popeza gemu ikuganiza kuti mwagwira padi ya Xbox, pa sikirini izikuuzani mabatani a Xbox. A ndi ekisi wa PlayStation, B ndi seko, Y ndi trayango, ndipo X ya Xbox ndi bokosi. Yomalizayi ndiyo imapha anthu: gemu ikuti dinani X, chala chathamangira pa ekisi, pamene ikufuna bokosi. LB ndi RB ndi L1 ndi R1, LT ndi RT ndi L2 ndi R2. Pa padi ya Nintendo zilembo ndi zomwezo za Xbox koma A ndi B anasinthana malo, X ndi Y chimodzimodzi, ndipo Steam ili ndi chosankha cha Use Nintendo Button Layout chokonzera zimenezi.

Ngati Steam simukuifuna: DS4Windows

Iyi ndi pulogalamu yaulere yopangidwa ndi anthu ongodzipereka. Imatenga padi ya PS4 kapena PS5 n'kuiveka nkhope ya padi ya Xbox 360 pa kompyuta yonse, osati m'gemu imodzi. Imathandiza pa magemu amene amakana kutsegukira mu Steam ndiponso pa laputopu yofooka imene Steam ikuilemera.

Itengeni pa GitHub, tsamba la pa intaneti pamene opanga mapulogalamu amaika ntchito zawo. Pa intaneti pali masamba ambiri odzitcha dzina lake, okhala ndi mabatani akuluakulu obiriwira olembedwa Download, ndipo ena mwa iwo amakupatsani zinthu zimene simunapemphe. Imabwera ngati fayilo ya zip. Imasuleni mu foda yakeyake imene simudzaifufuta, mutsegule DS4Windows.exe. Ikhoza kukupemphani .NET Desktop Runtime ya Microsoft, ndipo ikufunsani kuika driver yotchedwa ViGEmBus, imene ndiyo imapanga padi ya Xbox yongoyerekezayo. Mukamaliza, zimitsani kompyuta n'kuiyatsanso, musomeke padi, ndipo dzina lake lioneke pa Controllers.

Tsopano tsegulaninso joy.cpl. Mupeza mapadi awiri pamene inu mwasomeka imodzi: Wireless Controller, imene ndi yeniyeniyo, ndi ya Xbox 360, imene ndi yongoyerekeza. Magemu ena amangomva ya Xbox ndipo zonse zimayenda. Ena amamva zonse ziwiri. Zizindikiro zake n'zodziwikiratu: mwadina pansi kamodzi pa menyu koma yalumpha mizere iwiri, kapena mu mpira mwapezeka kuti padi imodzi ikuyendetsa matimu onse awiri. Mankhwala ake ndi kapulogalamu kena kotchedwa HidHide, kamene kamabisa padi yeniyeniyo kuti magemu asaione. Mukakaika, pa Applications payenera kukhala DS4Windows, kuti iyo yokha iziionabe padi. Pa Devices chongani padi yanu, muchongenso Enable device hiding, kenako zulani chingwe n'kusomekanso. Mu joy.cpl mutsale padi imodzi.

DS4Windows ikamagwira ntchito, Steam ikhale yotseka, kapena PlayStation Controller Support ikhale pa Not Enabled. Ndipo DS4Windows isatsekedwe pamene mukusewera, ingotsitsidwa pansi.

Mapadi otchipa, PES ndi x360ce

Mapadi a USB ooneka ngati a PS2, ena obwera awiri pa chingwe chimodzi, ndiwo ali m'nyumba zambiri, ndipo ngakhale amatha msanga, ntchito amaigwira. Ali ndi batani pakati lolembedwa Analog kapena Mode. Kagetsi kake kofiira kakhale koyaka. Kakazima, analogi yakumanzere imangochita ntchito ya mivi ndipo yakumanja imasanduka mabatani, moti munthu amayamba kuganiza kuti padi ndi yowonongeka. Mapadi ena, monga Logitech F310, ali ndi kaswichi kumbuyo kolembedwa X ndi D. Kaikeni pa X, womasulira safunikanso.

Okonda PES, gemu ya mpira ya kampani ya Konami, ali ndi mwayi. Mu foda ya PES 2017, PES 2021 ndi ena a m'banjamo muli fayilo ya Settings.exe. Itseguleni, mupite pa Controller, ndipo mupeza posankha pakati pa XInput ndi DirectInput. Wa padi yotchipa asankhe DirectInput, asankhe padi yake pamndandanda, auze pulogalamuyo batani lililonse malo ake, asunge. Palibe chodawuniloda. PES 2021 itadutsa, Konami inasintha dzina la gemuyi kukhala eFootball, monganso FIFA 23 inatsatidwa ndi EA Sports FC 24 mu 2023, koma akalewa akuseweredwabe kwambiri chifukwa safuna kompyuta yamphamvu. Mapulogalamu oseweretsa magemu a makina akale, monga PPSSPP ya magemu a PSP ndi PCSX2 ya a PS2, nawonso ali ndi malo awoawo ophunzitsira mabatani, ndipo samasankha padi.

Gemu yoti imangomva XInput basi, ndipo Steam simukuifuna, ndi pamene pamalowa x360ce. Mtundu wake wachitatu umaikidwa mu foda ya gemu, pambali pa fayilo ya .exe, n'kupanga kafayilo kotchedwa xinput1_3.dll kamene kamanamiza gemu. Ulipo wa 32-bit ndi wa 64-bit, ndipo muyenera kutsata gemu, osati Windows: gemu yakale ya 32-bit imafuna wa 32-bit ngakhale Windows yanu ili ya 64. Mtundu wachinayi suikidwa mu foda ya gemu, umapanga padi yongoyerekeza ngati DS4Windows. Pa magemu a pa intaneti okhala ndi zogwira anthu obera posewera, pewani zoika mafayilo achilendo mu foda ya gemu.

Padi ya PS3 ndiyo yamakani. Windows imaona dzina lake koma mabatani sayankha mpaka mutaika driver yapadera. Ya masiku ano ndi DsHidMini. Malangizo akale amatchula ScpToolkit ndi MotioninJoy, koma zimenezo zinasiyidwa kalekale, ndipo ScpToolkit ikhoza kulanda Bluetooth ya kompyuta mpaka mahedifoni kuleka kulumikizana. Pa padi imeneyi khalani pa chingwe, mtima ukhale m'malo.

Kuchotsa chingwe

Zonse zikayenda pa chingwe, Bluetooth ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Malaputopu ambiri ali nayo kale. Makompyuta a pa desiki nthawi zambiri amafuna kadongo (dongle), kachipangizo kakang'ono ka Bluetooth kosomeka pa USB.

Zulani chingwe, padi ikhale yozima. Pa ya PS4 gwirani batani la PS limodzi ndi Share mpaka getsi liyambe kuphethira mofulumira kawiri motsatizana, mobwerezabwereza. Pa ya PS5 ndi PS limodzi ndi Create, kabatani kakumanzere kwa touchpad. Pa ya Xbox yatsani ndi batani la Xbox, kenako gwirani kabatani ka pamwamba pafupi ndi bowo la chingwe kwa masekondi atatu mpaka chizindikiro cha Xbox chiziphethira mofulumira. Pro Controller ya Switch nayo ili ndi kabatani kotere pambali pa bowo la USB-C.

Pa Windows 11 pitani ku Settings, Bluetooth & devices, Add device, Bluetooth. Pa Windows 10 ndi Settings, Devices, Add Bluetooth or other device. Dzina la padi likaoneka, lidineni. Ikafunsa nambala, lembani 0000. Pa ma Windows 11 ena padi sioneka mpaka mutasintha Bluetooth devices discovery kukhala Advanced. Ngati PlayStation kapena Xbox ya padiyo ili m'chipinda chomwecho, izuleni ku magetsi kaye, apo ayi padi ithamangira kwa mwini wake wakale n'kumuyatsa.

Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz, msewu womwewo wa Wi-Fi yambiri, ndipo mabowo a USB 3.0, a buluu m'kati aja, amatulutsa phokoso losokoneza msewu umenewo. Ngati wosewera wanu akuchedwa kumva, kapena akupitiriza kuthamanga inu mutasiya kale analogi, sunthani kadongo kupita pa bowo lakuda la USB 2.0, kutali ndi hadi disiki yosomeka, ndipo kasabisike kuseri kwa bokosi la kompyuta. Pa mpikisano weniweni, wa anzanu oti chigoli chimodzi adzakunenani nacho mwezi wonse, bwererani pa chingwe.

Zina sizidutsa pa Bluetooth. Mahedifoni osomeka pa padi ya Xbox samveka pokhapokha pa chingwe kapena pa Xbox Wireless Adapter. Kulimba kwa L2 ndi R2 ndi kunjenjemera kwapadera kwa DualSense, m'magemu ambiri a pa kompyuta amene ali nazo, kumafunanso chingwe. Pozimitsa, gwirani batani la PS masekondi 10, kapena la Xbox masekondi 6. Ya Xbox imadya mabatire awiri a AA, ndiye gulani otchaja, chifukwa a pa golosale otchipa aja sachedwa kutha. Padi ya Xbox ikamadukaduka, iikeni pa chingwe mutsegule Xbox Accessories, ya mu Microsoft Store, ikonzenso pulogalamu ya m'kati mwa padi. Ya PS5 ili ndi yake yochokera ku Sony, PlayStation Accessories.

A Mac ndi Linux nkhani yawo ndi yaifupi. Kuyambira macOS Catalina ya 2019 padi ya PS4 ndi ya Xbox ya Bluetooth zimalumikizana popanda chowonjezera, ndipo Linux imadziwa mapadi ambiri ikangoikidwa.

Mawu asowa, analogi ikuyenda yokha

Mwasomeka padi ya PS5, kapena ya PS4 ya mtundu wachiwiri ija ya kamzere kowala pa touchpad, ndipo mwadzidzidzi kompyuta yati zii. Sipika sinafe. Windows yaona kuti padi ili ndi bowo la mahedifoni n'kutumiza mawu onse kumeneko. Dinani kachithunzi ka sipika pakona ya pansi kumanja, musankhenso masipika a kompyuta.

Padi ikaumiratu, osayaka kapena osalumikizana, ya PS4 ndi ya PS5 zili ndi kabowo kakang'ono kumbuyo. Pa ya PS4 kali pafupi ndi L2. Lowetsani kapini kotulutsira SIM kadi, mugwire masekondi asanu, kenako muyambirenso pa chingwe. Mu Bluetooth ya Windows chotsani dzina lake lakale ndi Remove device musanalumikizenso.

Analogi yoyenda yokha ndiyo matenda a mapadi onse. M'kati mwake muli tizitsulo timene timakhula pa kanjira ka kaboni kuti tiyeze pamene analogi ili. Kanjirako kamaperepeseka, fumbi limalowa, ndipo padi imayamba kunena kuti mwakankha pamene simunakhudze. M'miyezi ya fumbi, August mpaka mvula itagwa, padi yosiyidwa pa mkeka kapena pawindo imadwala msanga, ndiye muziisunga m'kachikwama kapena m'diroo. Ikayamba, njira yoyamba ndi deadzone, kadera ka pakati kamene gemu imauzidwa kuti isakamvere. Mu Steam kali pa Calibration & Advanced Settings, mu DS4Windows kali mu Profiles, ndipo magemu ambiri ali nako m'zosankha zawo. Kakulitseni pang'onopang'ono mpaka kuyenda kokha kuleke, osapitirira pamenepo, chifukwa kakakula kwambiri wosewera amachedwa kunyamuka. Njira yachiwiri ndi kudonthezera isopropyl alcohol pang'ono m'tsinde mwa analogi, padi ili yozima, n'kuizunguza kangapo, n'kudikira iume. Madzi ndi mafuta ayi. Zikakanika, wokonza mafoni wodziwa kuwotcherera akhoza kuchotsa kachipangizo konseko n'kuika katsopano, ndipo ngati angapeze ka mtundu wa Hall effect, koyeza ndi maginito popanda kukhulana, kameneko kamakhalitsa.

Posewera awiri kapena kuposa, XInput imalandira mapadi anayi. Woyamba kulumikizidwa ndiye amakhala wosewera woyamba, ndipo m'magemu ambiri ndi iyeyo amene amayendetsa menyu. Lumikizani onse gemu isanatsegulidwe, chifukwa magemu akale amawerenga mapadi poyambirira pokha. Mukhoza kusakaniza mitundu, ya Xbox ndi ya PS4 pamodzi, bola womasulira akhale mmodzi. Kadongo kotchipa ka Bluetooth kamalemedwa ndi mapadi awiri, ndiye imodzi ikhale pa chingwe. Ngati padi inabwerekedwa ku PlayStation ya mnzanu ndipo munailumikiza pa Bluetooth ya kompyuta, pobweza mumuuze kuti aisomeke ndi chingwe ku makina ake n'kudina batani la PS, chifukwa ikhoza kukhala itawaiwala.